Figaro Wafika pa Njinga Yamoto, Madona Ali Pabalaza

Pa 5 Disembala 2020, Teatro dell'Opera ya ku Rome inatsegulira nyengo ya masewero ndi Il barbiere di Siviglia, sewero loyimba lanthabwala la Gioachino Rossini, m'holo muli zii. Boma linali litatseka nyumba zamasewero chifukwa cha Covid-19, ndiye wotsogolera seweroli, Mario Martone, analikonza kuti lionetsedwe pa kanema wa Rai 3. Wotsogolera oyimba, Daniele Gatti, anaoneka akuyendetsa njinga yamoto m'misewu ya mzindawo atakweza kumbuyo Figaro, wometa wa m'seweroli, ngati wakabaza amene wauzidwa kuti kasitomala wachedwa.

Amene anaona zakuda ndi mabwana ndi madona a tsiku lotsegulira. Ambiri mwa iwo nyimbo alibe nazo ntchito kwenikweni. Cholinga n'chakuti anzawo awaone. Dona amavutitsa telala mwezi wathunthu. Bwana amawodzera chigawo choyamba chonse, n'kudzidzimuka nthawi yopuma kuti akagwire dzanja la nduna, kenako n'kumauza aliyense kuti woyimba wa chaka chatha ndiye anali ndi mawu. Tsopano mkanda wagolide pabalaza angauone ndani? Ngakhale chifuwa chija, chimene chimadikira kuti oyimba atsitse mawu ndiye chiyambe, chinasowa wochiyang'ana ndi diso lofiira.

Komanso nkhani ya seweroli inawafika pamtima. Dokotala Bartolo, nkhalamba yaumbombo, watsekera m'nyumba Rosina, mtsikana amene akumulera, kuti amukwatire yekha ndi kudya chuma chake. Almaviva, mwana wa kubanja lachifumu, akulowamo mwachinyengo kuti akaonane ndi Rosina, poyamba ngati msilikali woledzera, kenako ngati mphunzitsi wa nyimbo. Figaro wometa ndiye mtenga mawu, bola ndalama ilire. Martone anamanga zingwe holo yonse, ndipo oyimba ankadutsa movutikira pakati pake. Kwa anthu oletsedwa kutuluka ikakwana 10 koloko usiku, panalibe chofunika kumasulira.

Aroma ndi seweroli anayambana kalekale. Litaonetsedwa koyamba ku Teatro Argentina pa 20 Febuluwale 1816, owonerera analikuwiza, ena mwa iwo okonda Giovanni Paisiello, amene anali atapekapo kale sewero la nkhani yomweyi. Rossini, mnyamata wa zaka 23, sanabwereko usiku wachiwiri. Anthu a mzinda womwewo anaomba m'manja, ndipo posachedwa aliyense ankati iye analikonda kuyambira tsiku loyamba.

Mu 2020 wokuwiza analibe womumva kupatula mkazi wake. Koma panali opindula: aja amene saomba m'manja mpaka aone kuti woyandikana nawo wayamba. Iwowa anaomba pomwe afunira, pakati pa nyimbo, supuni ili m'kamwa, ndipo mawa lake anaimbira anzawo foni kuwauza kuti Gatti anathamangitsa nyimbo pang'ono.