Mmene ndinaphikira Merlot wa alamu anga

Bodza langa linali laling'ono, ndipo ndinalilemba ndekha pa gulu la WhatsApp la kuchikazi. Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amagwira ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Stellenbosch, ku Cape m'dziko la South Africa, analemba kuti pa Khirisimasi abwera kumudzi, ndipo atsogoza botolo limodzi la Merlot wabwino amene anamusungira ndalama za ma tip kwa nthawi yaitali, kuti tidzatsegule tonse kwa apongozi ku Ndirande. Anafunsa kuti ndani angalisunge bwino botololo. Gulu lonse linangoti zii. Ine, mkamwini amene pa zochitika za pabanja ntchito yanga imakhala kunyamula mipando ndi kukupizira makala, ndinaona mpata woti nanenso ndidziwike, ndiye ndinalemba kuti, "Alamu, musavutike, za vinyo ndi mbali yanga imeneyo." Anthu anaika zizindikiro za kuwomba m'manja, ndipo pomwepo anandisankha kuti ndidzakhale wotsegula, wolawa woyamba komanso wopereka chigamulo.

Vinyo amene ndinkamudziwa panthawiyo ndi wotsekemera uja wa m'katoni amene amazungulira pa maukwati, amene timathiramo ayisi ndi Coke. Ndinakulira ku Chilomoni, mumzinda umene Carlsberg inamangamo fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark mu 1968, moti mukandifunsa kusiyana kwa Green ndi Special, kapena Chibuku cha lero ndi chogona, ndikhoza kukuyankhani nditatsinzina. Ndinkaganiza kuti lilime ndi lomweli, ndiye vinyo sangandivute.

Ndinagula bandulo n'kuyamba sukulu ya usiku pa YouTube. Ndinaphunzira kuti Merlot ndi mtundu wa mphesa wa ku Bordeaux m'dziko la France, kuti umakonda dothi la makande la ku Pomerol ndi Saint-Émilion, kuti Pétrus, vinyo amene botolo limodzi limagulidwa ndi madola masauzande, amapangidwa ndi mphesa zimenezi, komanso kuti zimapsa msanga kuposa Cabernet Sauvignon ndipo vinyo wake amakhala wofewerapo m'kamwa. Ndinaloweza kuti ku Cape anafinya vinyo woyamba pa 2 February 1659 m'nthawi ya Jan van Riebeeck, kuti vinyo wabwino amagonekedwa m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225, kuti Robert Parker ndiye anatchukitsa zopereka mamalikisi mpaka 100 pamene buku la Platter la ku South Africa limapereka nyenyezi mpaka zisanu, ndiponso kuti filimu ya Sideways ya mu 2004 inaipitsa mbiri ya Merlot ku America chifukwa mwini filimu ankamunyoza. Zonsezi ndinazilemba m'kope la mwana wanga, ndipo sabata isanathe ndinali nditayamba kale kuwongola anzanga a kuntchito pa nkhani imene sanandifunse n'komwe.

Botolo linafika mu Okutobala ndi anthu amene amanyamula katundu wa a Malawi kuchokera ku Joni, litakulungidwa m'majuzi awiri. Ndinali nditamva kuti vinyo wofiira salowa m'filiji, amafuna room temperature, ndiye ndinasankha malo aulemu kwambiri m'nyumba yonse: pamwamba pa kabati ya pabalaza, pafupi ndi zenera, pamene mlendo aliyense akalowa aziliona. Nyumba imene timachita lendi ndi ya malata, yopanda siling'i. Amene anakhalapo mu Blantyre mwezi wa Okutobala akudziwa kuti masana kutentha kumapitirira madigiri 30 panja, ndipo pansi pa malata pamakhala poposa pamenepo. Ine ndinkangolipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Kenaka ndinati ndiyeserere kaye ndi wotchipa. Ndinapita m'sitolo ina yaikulu m'tauni, ndinagula Merlot amene thumba langa linakwanitsa, ndinafika naye kunyumba, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chitsekero chake si chopotokola ayi, ndi cha cork, pamene m'nyumba mwathu chotsegulira chimene tili nacho ndi cha mabotolo a Fanta. Ndinatenga sikuluwu ya pachitseko n'kuiboolera m'chitsekeromo, ndinakoka ndi pulayazi, theka linatuluka theka linatsala, ndinayesa kutokosa ndi mpeni chotsalacho n'kuyamba kunyenyeka, ndiye ndi mtima wapachala ndinachikankhira m'kati ndi chigwiriro cha supuni, ndipo vinyo anathovoka ngati wakwiya n'kundithira kumaso, pa shati yoyera imene ndinali nditasita kuti ndivale mawa lake, mpaka pa nsalu ya patebulo imene akazi anga analuka okha ndi manja ali oyembekezera. Wotsalayo anali ndi tizidutswa toyandama, ndiye ndinamusefa ndi sefa ya tiyi. Popeza ndinkafuna kulawa ndi m'kamwa moyera, ndinayamba ndatsuka mano ndi mankhwala ambiri, osadziwa kuti palibe chimene chimaononga kukoma kwa vinyo kuposa chimenecho. Nditamwa, m'kamwa monse munauma n'kumangika ngati ndaluma nthochi yosapsa. Ndinagamula kuti vinyoyo ndi woonongeka, ndipo ndinamukhuthulira m'ngalande kuseri kwa nyumba.

Anali wabwinobwino. Kumangika kuja amakutcha tannin, kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa komanso ku migolo ija, ndipo ndi chimene chimathandiza vinyo wofiira kukhala zaka osafa. Zinali m'kope muja, ndinazilemba ndi dzanja langa lomwe, koma sindinkadziwa kuti zimamveka bwanji pa lilime.

Malipiro atalowa ndinagulanso wina, wa chitsekero chopotokola ulendo uno. Akatswiri amati uyambe wayang'ana mtundu, kenaka uzunguze vinyo m'galasi kuti mpweya ulowe fungo lituluke, ununkhize, kenaka umwe pang'ono n'kukokera kampweya pakati pa mano. Galasi la mwendo tinalibe, ndinagwiritsa ntchito tambula yodzadza mpaka pakamwa, ndipo nditangozunguza kamodzi vinyo anadumpha n'kutera pa mpando wa sofa, nditaweramira kuti ndinunkhize mphuno inamira ndithu n'kukoka vinyo mpaka m'mutu, misozi ili chuchuchu, ndiye poti ndisagonje pamaso pa mwana wanga amene ankandiyang'ana atasiya homuweki ndinapitiriza ndi kukokera mpweya kuja, ndinatsamwa, ndinatsokomola mpaka anthu oyandikana nafe anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Ndiwo za tsikulo zinali usipa wothira kambuzi. Vinyo wofiira akakumana ndi nsomba ya mafuta amamveka chitsulochitsulo, ndipo tsabola amakolezera ukali wa mowa, koma ine ndinalemba m'kope kuti "notes of usipa", ndili serious, ndikukhulupirira kuti ndatulukira chinachake. Akazi anga anangofunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi simungangowauza achimwene kuti simudziwa?" Ndinayankha kuti zatsala pang'ono kutheka.

Chakumapeto kwa Novembala ndinaona kuti pakhosi pa botolo la alamu patsika kamzere konata, ndipo chitsekero chatukuka pang'ono pansi pa chokutira chake. Ndinapukuta ndi kansalu konyowa. Mumtima ndinati vinyoyu ndi wamphamvu zedi, mpaka akufuna kutuluka yekha.

Mayeso omaliza ndinakachitira ku Zingwangwa kwa mnzanga amene ali ndi magalasi enieni a mphatso ya ukwati. Tinasonkherana n'kugula mabotolo osiyanasiyana kuti ndiphunzire kusiyanitsa Merlot ndi Pinotage ndi Cabernet nditamangidwa kumaso. Olawa vinyo enieni amalavula akalawa, n'chifukwa chake amatha kulawa mitundu yambirimbiri tsiku limodzi ali chiimire. Ine zolavula chinthu chimene ndagula ndi ndalama yanga zinandikanika, ndipo sindinaganizire kuti vinyo wotere amakhala ndi mowa wa 14 peresenti pamene Green safika ndi theka lomwe. Ndinaphonya botolo lililonse, Pinotage ndinamutcha Merlot mokweza mawu n'kufotokozanso zifukwa zake, ndinatsanzika mwaulemu wopitirira muyeso, ndinafika m'tauni bwinobwino, koma m'malo mokwera minibasi ya ku Chilomoni ndinakwera imene inali pafupi, ndinatsamira zenera, ndipo amene anandidzutsa ndi kondakitala ku Machinjiri, kunja kutada, mano ndi milomo zili bii, foni itazima, m'thumba mutatsala ndalama yosakwana kubwerera. Wa kabaza amene anandifikitsa kunyumba analipidwa ndi akazi anga pageti, atavala chitenje cha usiku, osalankhula kanthu.

Munthu wanzeru akanaimira pamenepo. Ine ndinaona ngati ndamaliza maphunziro.

Tsiku la Khirisimasi kwa apongozi kunadzadza. Nyumba yawo ili kumtunda, moyang'anana ndi phiri la Ndirande, ndipo pakhonde anayala mipando ya akuluakulu, amayi ndi ana ali pa mkeka. Alamu anabwera ndi magalasi awo kuchokera ku Cape atawakulunga m'manyuzipepala, ndi chotsegulira chawo cha kuntchito, ndipo anandipatsa ndi manja awiri. Chitsekero chinatuluka mosavuta kwambiri, chitanyowa mpaka pamwamba, ine n'kuona ngati ndi luso langa. Ndinathira pang'ono, ndinazunguza osataya ngakhale dontho, ndinapendeketsa galasi pa nsalu yoyera, ndinaona kuti mtundu wake wapita kofiirira ngati njerwa ndipo ndinalengeza kuti chimenecho ndi chizindikiro cha kukhwima. Ndinaloza timizere totsika m'galasi n'kunena kuti ndi umboni wa vinyo wapamwamba, pamene timangosonyeza kuchuluka kwa mowa basi. Kenaka ndinaimirira, pamaso pa apongozi aamuna ndi aakazi amene chikwatirireni sindinalankhulepo nawo mawu opitirira moni ndi zikomo, ndipo ndinalakatula zonse za m'kope: 1659, Pomerol, migolo ya oak, fungo la mapulamu ndi mabulosi ndi chokoleti, full-bodied, smooth finish, mpaka mphepo ya kunyanja imene imaziziritsa minda ya m'munsi mwa phiri la Helderberg. Ndinamaliza ndi kupereka mamalikisi 94. Ana anawomba m'manja.

Alamu anatenga galasi lawo, ananunkhiza kamodzi kokha, ndipo nkhope yawo inasintha. Analawa pang'ono, anakhala kaye chete, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Alamu, botololi munaliika pati?"

Ndinafotokoza, monyadirabe, za kabati ndi zenera. Iwo sanakalipe. Anafotokoza modekha, ngati mmene ndikuganizira kuti amafotokozera alendo awo kuntchito, kuti room temperature imene amanena azungu ndi ya zipinda zozizira za kwawo, madigiri 16 mpaka 18, kuti posunga pamafunika pozizirirapo kuposa apo, pamdima, botolo litagona chammbali kuti chitsekero chisaume, ndipo kuno kwathu bola kuliika pansi pa bedi kapena m'filiji momwemo kusiyana ndi pansi pa malata. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekero, mpweya umalowa, zipatso zonse zija zimafa, amatsala ngati jamu wopsereza wosasa pang'ono. Kamzere konata kaja kanali kulira kwa botolo, ine n'kumapukuta. Vinyo amene ndinam'patsa 94 anali wophika, ndipo wophika wake ndinali ine.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinamva ndithu kuti sakukoma. Lilime linandiuza zoona nditangomwa, kuti ichi n'chinthu chofooka, chotha mphamvu, choipa kuposa wotchipa uja ndinataya m'ngalande, koma ndinali nditanyamula mawu ambiri okongola amene ndinavutika nawo miyezi yonseyi ndipo ndinafunitsitsa kuwatula, moti ndinakhulupirira kope kuposa m'kamwa mwanga. Komanso botolo lija silinali la chionetsero changa. Alamu amakhala tsiku lonse ali chiimire, kuthirira alendo vinyo amene makolo awo sanamulawepo, ndipo ankafuna kuti kamodzi kokha bambo awo alawe chinthu chenicheni chimene mwana wawo amagwira tsiku ndi tsiku kudziko la eni. Ndinawalanda zimenezo.

Apongozi aamuna anamwabe galasi lawo mpaka kumaliza, n'kunena kuti, "Mwayesetsa, apongozi." Ndikanakonda akanandikalipira. Apongozi aakazi anatulutsa chigubu cha thobwa ndi botolo la chidede chimene amapanga okha, anthu anayambiranso kucheza, ndipo ine ndinabwerera ku mbaula kukatembenuza nyama, utsi ukundithandiza kubisa nkhope. Madzulo ndinawapeza alamu kuseri kwa nyumba n'kupepesa, ndipo chifukwa mawu anali atandithera ndinangonena chimene ndinayenera kulemba pa gulu paja mu Okutobala, kuti sindidziwa chilichonse cha vinyo. Anati akanandiuza kasungidwe kake ndikanangofunsa, ndipo n'zoona, foni yawo ndinali nayo nthawi yonseyi.

Ndinawafunsa mtengo wa botolo lija. Anakana kunena, ndinaumirira, atanena ndinakhala pansi pa njerwa. Tinagwirizana kuti ndiziwatumizira pang'onopang'ono mwezi uliwonse mpaka ikwane, agule lina la mtundu womwewo, koma likhale komweko m'manja mwawo mpaka tsiku limene adzabwere nalo okha. Alamu anabwerera ku Cape mu Januwale, nyengo yokolola mphesa itayandikira. Gawo loyamba ndinatumiza mwezi womwewo, ndipo lachiwiri lachedwa chifukwa ndinayamba ndagulira akazi anga ulusi woti alukire nsalu ina.