Phwando la mizukwa ku Mulanje lichitike masana

Achinyamata athu aona pa TikTok kuti anzawo a ku America pa 31 Okutobala amadzisandutsa mizukwa n'kumayenda usiku khomo ndi khomo kupempha maswiti. Akuti ndi Halloween. Tsopano nawonso akufuna lawo phwando, ndipo ife makolo, amene nzeru zathu zinatha tsiku lomwe mwana anagwira foni, tayamba kale kuyang'ana kalendala. Ine wanuwanu, amene ngakhale mphaka akalira padenga ndimayamba nyimbo ya kutchalitchi, maganizo anga ndi amodzi: phwandolo lichitike, koma liyambe 10 koloko m'mawa, ndipo pofika 4 koloko madzulo mzukwa uliwonse ukhale utasukusula, uli kwa amake.

Anzathuwo mantha amachita kugula m'sitolo chifukwa kwawo anatha. Kuno akadalipo, ndipo ndi aulere. Tili ndi Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, komwe akuluakulu amati ukapeza chakudya chokonzakonza uzingodya wekha osaitana mnzako. Tili ndi Napolo, amene anthu amamutchulabe akamakumbukira za ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Ngakhale a UNESCO, poika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, sanaiwale kuti eni ake amalitenga ngati mudzi wa mizimu. Ndiye mwana wa Fomu 2 atafunda nsalu ya pabedi akufuna kuopseza ndani?

Vuto n'lakuti akhoza kuopsezadi, ndipo apa nthabwala ziyambe zaima. Chimodzi mwa zovala zomwe achinyamata amazikonda ndi cha Dracula, mzungu wa mano otuluka uja woyamwa magazi. M'boma lino ameneyo ali ndi dzina lake kale. Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje kuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa pongoganiziridwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo boma linaletsa kuyenda usiku. Tsono mnyamata atapaka zofiira kukamwa azikagogoda pakhomo la munthu pa Chitakale 9 koloko usiku, mukuganiza mwini nyumba ayamba wafunsa kuti lero ndi pa chani? Atuluka ndi chibonga, maswiti abwera pambuyo.

Ena anena kuti phwando loopsa la masana siliopsa. Amenewo sanaganizire dzuwa la Okutobala. Kumene mwambowu unachokera nyengoyi kumakhala kukuzizira, masamba akuyoyoka. Kuno n'kuti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mwana wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi akangovina nyimbo ziwiri, nkhope yake iopsa yokha popanda utoto. Ngati zimenezo zachepa, itanani amfumu ndi amayi a Mvano akhale mpando wakutsogolo. Palibe chimene chimanjenjemeretsa mnyamata wa zaka 16 ngati kuona azakhali ake akumuyang'ana pomwe iye akuyandikira mtsikana.

Za dzungu losema maso ndi mano muiwale, maungu anatha kalekale ndi masika. Wina wanzeru anena kuti tiseme chipanda, tiikemo kandulo. Chonde abale, chipanda chokhala ndi nkhope pakhomo pa munthu, mudzi wonse umachitcha nsupa. Ndipo wofuna kuvala ngati mfiti adziwe kuti lamulo la za ufiti la 1911 limalanga wonena mnzake kuti ndi mfiti, komanso wodzitcha yekha mfiti. Ine si loya, koma sindingafune kukafotokozera wapolisi kuti inali fashoni.

Otsutsa enieni ndi amene akuti tingoletseratu, n'zausatana, n'zachilendo. Ndikuwamva, chifukwa nanenso kuletsa ndimakukonda, sikulira ndalama. Koma wachinyamata ukamuletsa phwando samalisiya, amangolisamutsa. Lichoka pabwalo la sukulu pomwe tikumuona, likachitikira m'minda ya tiyi pakati pausiku, ola lomwe lija tikulithawa. Bola tilikonze tokha, tiuziretu amfumu ndi achitetezo a m'mudzi, tisankhe Loweruka loyandikira pa 31. Mwezi umenewu ndi wodzaza kale: pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, ku Chonde kumakhala Mulhako wa Alhomwe, ndipo Loweruka lililonse kuli ukwati. Ubwino wa kumapeto kwa mwezi n'ngwakuti ena amakhala atalandira, ndiye za thobwa ndi zitumbuwa asonkhe amenewo. Ine mundilembe pa komiti yolawa.