Mneni wa Anthu Angongole

Mwa aneni onse a Chingerezi otanthauza kuyesetsa, wodzitukumula kwambiri ndi "endeavour", amene amakonda kupezeka m'makalata a m'maofesi, makamaka pamene bwana akulonjeza chinthu chomwe mumtima mwake akudziwa kuti sichichitika chaka chino. Mneniyu anayamba kuoneka cha m'zaka za m'ma 1400, ndipo kholo lake ndi mawu a Chifalansa akuti "devoir", otanthauza udindo, omwe analowa m'Chingerezi William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 n'kuchititsa kuti Chifalansa chikhale chiyankhulo cha mafumu ndi mabwalo amilandu. Gogo wake ndi "debere" wa Chilatini, kutanthauza kukhala ndi ngongole, yemwenso anabala "debt" ndi "duty", kotero kuti m'magazi mwake mneniyu ndi wa banja la angongole.

Ngakhale anabadwira m'banja lotere, dzina lake lafika kutali, pakuti James Cook ananyamuka ku England mu 1768 pa sitima yotchedwa Endeavour n'kuzungulira nayo dziko lapansi, ndipo bungwe la NASA linapereka dzina lomweli kwa chombo chake chomwe chinapita mumlengalenga koyamba mu 1992.

Mlembi wa danga lino, yemwe dzina lake lili patsamba loyamba la kope la ngongole pa okala iliyonse ya m'dera lakwawo, akuyenera kuwerengedwa monga katswiri pa mneniyu, popeza kuyesetsa kwake kuli ndi magawo atatu odziwika bwino kwa mwini nyumba, amayi a banki m'khonde ndi mkulu wa katapila. Gawo loyamba ndi kulonjeza modzichepetsa, chipewa chili m'manja, kuti zonse zitheka mwezi ukatha. Lachiwiri ndi kuzimitsa foni n'kunamizira magetsi. Lachitatu, lomwe limafuna thukuta lenileni, ndi kupita kuntchito podzera kuseri kwa manda, njira yomwe imatha nsapato zomwenso sanamalize kulipira. Mkazi wake anaona kale kuti mphamvu zotayika pozemba zikanakwana kulima dimba n'kubweza ngongole zonsezo, koma maganizo amenewa akadali kuunikidwa.

Onse amene akumufuna ndalama akupemphedwa kuugwira mtima, pakuti zinatenga zaka zoposa 1,000 kuti "debere" asanduke "endeavour", pomwe mlembiyu akungopempha mpaka mwezi wamawa.