Tsiku Limene Galimoto Yanga Inalira Maliro

Galimoto yanga ndi Corolla yakalekale, yopanda ndi airbag yomwe. M'mawa imadzuka ana akaikankha, ndipo chitseko chakumbuyo amatsegula ndi munthu wapanja. Koma ine nditaiyang'anitsitsa ndinapeza kuti matenda ake enieni ndi chiwongolero, chachikulu ngati lichero.

Ndinapita kumsika wa Ndirande n'kugula kachiwongolero ka anyamata ampikisano, ka mabawuti 6. Pakati analembapo Momo, dzina la ku Italy, ngakhale utoto wa zilembozo unkatsalira m'manja mwanga. Wogulitsa anandipatsanso chitsulo cholumikizira chimene amati boss kit, n'kunena kuti, "Madala, mupite nazo kwa makaniko." Ndinaseka. Kulipira munthu chifukwa chomasula nati imodzi?

Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, feni munakonza ija mpaka lero imapepera khoma." Ndinakhala ngati sindinamve.

Ntchitoyi ili ndi malamulo atatu, ndipo onse ndinawamva nditawaswa kale. Loyamba, wongolani matayala musanamasule kanthu. Lachiwiri, chotsani waya wa negetivu pabatire. Lachitatu, nati yapakati ingokhwefulani osaichotseratu, kuti chiwongolero chikazuka chitsakamire pamenepo. Ine natiyo ndinaponya m'thumba, n'kukoka ndi mphamvu zonse za nsima yamasana. Chinazukadi, koma chinakaima pakamwa panga. Mlomo unatupa ngati chitumbuwa.

Kenako hutala. Nzeru yake ndi yochepa: magetsi a batire, mavoti 12, amakhala akudikira kale pawaya umodzi, ndipo batani limangogunditsa wayayo kuchitsulo cha galimoto, hutala n'kulira. Tanthauzo lake n'lakuti waya ukakhala pambalambanda, chitsulo chilichonse chimasanduka batani. Ine ndinasenda wayayo ndi mano, ndipo poti tepi inatha, ndinakulunga ndi kachidutswa ka jumbo ya shuga.

Lamlungu ndinanyamula mayi kupita kutchalitchi, mkono uli pawindo. Matayala ankaloza kutsogolo, chiwongolero chitapendekeka ngati chipewa cha chidakwa. Kukhotera kumanja, zii. Kukhotera kumanzere, kamawu kakuti "pi!" Ndinawauza mayi kuti zinthu za ku Italy zimapereka moni zokha.

Tikuyandikira, tinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Apanjinga atsika, azibambo zipewa zili m'manja, amayi amvano akuimba motsitsa. Ndinachepetsa liwiro mwaulemu wonse. Tsoka lake, msewu pamenepo umakhotera kumanzere.

Jumbo ija inagonja. Hutala inakuwa osapumira. Ndinamenya batani, osatheka. Ndinazimitsa injini n'kuzula kiyi, ikulirabe, chifukwa hutala ya galimotoyi sidikira kiyi. Nyimbo inaima, mudzi wonse n'kutembenuka. Ndinatuluka n'kunjuta pafumbi, manja akuomba, mlomo uli tukumu, moti gogo wina anadzandigwira phewa poganiza kuti ndine wachibale wochokera kutauni amene walira njira yonse.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza. Anatsegula boneti, kuzula fyuzi imodzi, kuli zii. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti, "Akulu, iyi musunge kutali ndi galimoto."

Amfumu anandiitanira pansi pa mtengo wamango. "Kodi achimwene, mwadzapepesa kapena mwadzaitanira anthu a ku Limbe?" Mlandu unatha ndi nkhuku, chipepeso chapadera. Ndikufunafuna mayi kuti andibwereke ndalama, ndinawaona atafunda chitenje pakati pa amvano, akuimba nawo ngati ine sanandionepo chibadwire.

Lolemba ndinapita kwa makaniko. Anandilipiritsa kawiri: kukonza galimoto, ndi kukonza zimene ndinakonza. Lichero lija labwerera pamalo pake. Kachiwongolero kampikisano kali kukhitchini, mayi amakhazikapo poto wotentha, ndipo akuti pa zonse zimene ndinagulapo ku Ndirande, ichi chokha ndiye chikugwira ntchito popanda phokoso.