Kudekha pa Chigoba

Mwambi wa maso a nkhono wapeza ganyu masiku ano, ndipo mabwana ake ndi ambirimbiri. Aliyense amene wasunga chinthu chako koma alibe tsiku lokubwezera amangoutulutsa m'thumba n'kukuponyera. Telala amene anadya kale ndalama ya suti yaukwati amaudziwa. Mlamu amene anabwereka wilibala dzinja latha amaudziwa bwino lomwe. Posachedwapa ndinaumva pamalo ena omwetsera mafuta mu Lilongwe muno, kuchokera kwa mnyamata wa yunifolomu amene anatsamira pampu youma, maso ali pa foni. Dalaivala wina wa minibasi, wa imvi zake, anamufunsa mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, mafutawa afika lero kapena tizikagona?" Mnyamatayo sanadzutse n'komwe mutu. "Madala, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tinaseka tonse, nanga tikanatani. Koma mawuwo anandikhala pamtima. Mwambiwu ndimaukonda, n'chifukwa chake zimandiwawa kuuona ukugwira ntchito ya ulonda pageti. Aliyense amene anakulira kumudzi ananjutapo pafupi ndi nkhono mvula itangokata. Ukaigunda ndi kamtengo imabwerera m'nyumba mwake, ukakhala phee imatulutsa tinyanga tija, timaso tili kunsonga. Zimenezo n'zoona. Komatu ngakhale mwana wa zaka zisanu ankayamba waona kaye ngati m'chigobamo muli mwini wake. M'chilimwe minda imadzaza ndi zigoba zoyera mbee, eni ake anatsogola kalekale. Munthu wa ndevu zake akakhala pansi tsiku lonse kuyang'anitsitsa chigoba chotero, abale ake samutama kuti ndi wodekha. Amayamba kusonkherana ya thiransipoti yopita naye ku Zomba.

Pamzere wa mafuta palibe amene amadziwa ngati nkhonoyo ilimo. Nkhono yathu imakhala kutali, ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo siituluka isanamve fungo la madola. Madolawo ndiye ngosowa, pakuti fodya, tiyi ndi shuga zomwe timagulitsa kunja sizikwana kulipirira zonse zomwe timaitanitsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma mizere imangopuma pang'ono n'kubwereranso. Mnyamata wa papampu alibe mlandu pa zonsezi. Petulo alibe, ndiye amagawa chomwe ali nacho.

Mzere ukagona usiku umodzi wokha umakhala kale ndi boma lake. Pamapezeka tcheyamani amene palibe anamuvotera, akuyendayenda ndi kope kulemba manambala a galimoto, ndipo yake imapezeka pa nambala yachitatu ngakhale inabwera madzulo. Pamapezeka mneneri, amene msuweni wake amagwira ntchito ku boda ya Mwanza ndipo waiona thanki ikudutsa ndi maso ake enieni. Msuweni ameneyu aliyense ali naye, koma palibe anamuonapo. Akabaza a njinga zamoto ali ndi mzere wawo womwe sumawongoka. Anyamata a zigubu alibe mzere uliwonse, komabe mafuta akafika ndiwo amayamba kumwa. Ndiye pali gulu la pa WhatsApp. Wina akangolemba kuti "Akutsitsa ku Kanengo!" theka la mzere limaliza injini, n'kuwotcha timadontho totsala kuthamangira kumeneko, kukapeza kuti thankiyo ndi ya dizilo, kapenanso chithunzicho n'cha chaka chatha. Pobwerera malo ako wakhalapo wina, ndipo tcheyamani akuti dzina lako m'kope mulibe.

Amene amapindula ndi amayi a mandasi ndi zitumbuwa. Iwowo nkhono yawo ndife.

Pamzere munthu umakhala ndi nthawi yambiri yokumbukira zinthu, ndipo ine ndinakumbuka Legson Kayira. Achinyamata ambiri dzinali salidziwa, zomwe n'zomvetsa chisoni. Anali mnyamata wa ku Nthalire, m'boma lomwe lero timati Chitipa, wophunzira ku sekondale ya Livingstonia. Atawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anatsimikiza mtima kuti akaphunzira ku America. Ndalama analibe, pasipoti analibe, ndipo kumeneko kunalibe sukulu kapena munthu amene ankadziwa zoti iye aliko padziko pano. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, ali ndi kankhwangwa, bulangeti, mapu, Baibulo, buku la John Bunyan lotchedwa Pilgrim's Progress, ndi kamba wa masiku asanu. Maganizo ake anali oti akafike ku Cairo, akapeze ntchito pa sitima ya pamadzi, sitimayo ikamutule ku America.

Anadutsa m'dziko la Tanganyika, akuima apa ndi apo kugwira ganyu kuti apeze chakudya ndi ya ulendo, ndipo anafika ku Kampala kumayambiriro kwa 1960. Kumeneko analowa mu laibulale ya boma la America n'kupeza buku la mayina a makoleji. Analembera kalata Skagit Valley College ya ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington, ndipo anamuyankha kuti malo alipo, sukulu amulipirira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum komwe anakapeza viza, pomwe ophunzira ndi anthu a m'tauni ya Mount Vernon ankasonkha ndalama ya ndege. Anafika ku America mu Disembala 1960. Pambuyo pake anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, n'kulemba mabuku, kuphatikizapo mbiri ya ulendo wake, I Will Try, yomwe inatuluka mu 1965. Anamwalira ku London mu 2012.

Poti nthawi inalipo, ndinatenga bolopeni n'kuyamba masamu kuseri kwa risiti. Kuchoka kwawo kukafika ku Khartoum ndi makilomita oposa 3,000, ndipo anatenga zaka pafupifupi ziwiri. Tikagawa, tikupeza makilomita anayi ndi kanthu pa tsiku, kuwerengera ndi miyezi yomwe ankaima kugwira ganyu. Sizochititsa mantha ayi. Ana ambiri akumudzi amayenda mtunda woposa pamenepo kupita ku pulaimale. Tsopano tiyeni tiuchitire chifundo mzere wathu, tinene kuti pa tsiku labwino umasuntha mamita 100. Galimoto ya ku Japan, ya injini yabwinobwino ndi matayala anayi, itati inyamuke pa liwiro limenelo kupita ku Khartoum, ingatenge masiku 30,000. Zimenezo ndi zaka 82. Kayira wopanda nsapato akanapita, kuphunzira, kukwatira, kulemba mabuku, kukalamba, ife tisanawoloke n'komwe Equator.

Sindinalekere pomwepo. Odziwa za tizilombo amati nkhono imayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi. Itati isapume, isagone, pa tsiku ingayende mamita 86. Ife 100, iyo 86, ndipo 100 yathuyo ndi ya tsiku labwino. Pa tsiku lomwe thanki ya msuweni uja sinafike, nkhono imatidutsa, n'kulowa pamalo omwetserapo, n'kuzungulira mapampu onse, n'kubwerera ife tili pomwe paja. Apa ndiye mwambi uja unakhala woona mwa njira ina. Maso a nkhono tidzawaonadi, chifukwa idzatembenuka kutiyang'ana podutsa.

Nditamuwerengera masamuwa dalaivala wa minibasi uja, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Ndiye mukuti nditsike ndiziyenda wapansi, bwana? Ana adya chiyani?" Funso limenelo lilibe nthabwala. Bamboyo sanagone pamzere chifukwa chopusa. Mwini minibasi akufuna ndalama yake madzulo alionse, landilodi akufuna yake pakutha pa mwezi, ndipo m'thanki youmayo ndi momwe mumachokera fizi. Usiku ndinamuona akutsitsa mpando, chipewa kumaso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Sanali kutukwana. Pemphero la munthu wotero sindingaliseke.

Ndiponso tikanena chilungamo, Kayira nayenso sankadziwa ngati nkhono yake ilimo. Cairo, yemwe anamuika pamtima ponyamuka, sanamufike wapansi, ndipo sitima yokagwirapo ntchito ija inathera m'maloto. Chomwe ankafuna chinali pa shelefu ya laibulale ku Kampala, m'buku lomwe ponyamuka sankadziwa kuti liliko. Chimene ndimatengapo pa munthu ameneyu n'chakuti kudekha kwake kunali ndi miyendo. Chigoba china chikakhala chopanda kanthu ankachisiya n'kutola china. Baibulo analinyamula, koma sanakhale nalo pansi pa mtengo ku Nthalire kudikira kuti America imupeze. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anachitanso chimodzimodzi mu 2002. Njala itamuchotsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, anapita ku kalaibulale ka m'dera lawo, n'kupeza buku la chithunzi cha makina a mphepo, n'kuyamba kutoleza zitsulo kudzala anthu akumunena kuti wapenga. Onse awiri nkhono yawo anaipeza mu laibulale. Aphungu athu akanamva zimenezi, mwina bwenzi m'madera mwawo muli timalaibulale tochuluka kuposa zikho za mpira.

Chomwe chimandinyansa ndi momwe nkhani za anthu otere zimagwiritsidwira ntchito. Zimafika pa foni m'mawa, zili ndi chithunzi cha dzuwa likutuluka ndi nyimbo ya piyano, kukuuza kuti ngati uja anatha iwenso ungathe, usadandaule. Kawirikawiri wotumizayo ndi munthu amene mafuta ake amathiridwa usiku kuseri, wantchito wake atanyamula zigubu. Palibe amafunsa chomwe chinayendetsa mwana wa munthu zaka ziwiri kufunafuna kalasi. Yankho n'losavuta: mu 1958 dziko la Nyasaland linalibe yunivesite ngakhale imodzi. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Timaombera m'manja mapazi ake, n'kuiwala kuchita manyazi kuti anayenera kung'ambika chomwecho. Amalawi timatamidwa kwambiri kuti ndife anthu opirira, ndipo ndaona kuti otitama kwambiri ndi omwe amatidikiritsa.

Pa nkhani yonseyi, munthu amene chikhulupiriro chake chimandigonjetsa ndi mayi ake a Kayira. Iwo sanaphunzire, ndipo sankadziwa kuti America ili mbali iti. Mwana atawauza kuti akupita kumeneko, anamukonzera kamba wa masiku asanu. Anthu amaseka akamva zimenezi, inenso ndimaseka. Koma taganizani. M'nyumba yosauka, ufa wa masiku asanu ndi chuma, ndipo wotsala amagona ndi njala kuti wopitayo anyamule. Mayiwo sanafunse kuti kalata yokuitana ili kuti, kapena udzabwera liti, kapena ndani adzalima munda. Anapereka zomwe zinalipo, zotsalazo anasiyira Mulungu ndi anthu a m'njira. Ndipo anthu a m'njirawo, a zilankhulo zomwe mnyamatayo sankazidziwa, anamudyetsadi. Masamu a mayiwo analakwika ndi masiku oposa 700, koma mwana anafika. Ife a makompyuta ndi mabajeti, masamu athu amakhoza chaka chilichonse papepala, mafuta osafika.

Nthawi zina ndimayerekeza Legson wa lero atanyamuka ku Nthalire ndi kankhwangwa kake. Pa rodibuloko yoyamba nkhwangwayo ikanalandidwa, mwina ndi chindapusa cha makala omwe sanawotche. Ku Khartoum sakanapitako, poti kunabuka nkhondo mu Epulo 2023 ndipo ofesi ya kazembe wa America kumeneko inatsekedwa. Akanati asinthe nzeru, angopita ngati mlendo wokacheza kuti akaone kaye sukuluyo, akanamva zoti mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anakhala maiko oyamba omwe nzika zake zinauzidwa kupereka chikole chofika mpaka madola 15,000 pofuna viza yotero. Ganyu yake ingakhale ya zaka zingati, masamuwo ndinawalephera chifukwa risiti inadzaza. Ndikukhulupirira kuti akananyamukabe, chifukwa anthu a mtundu umenewo samva. Kungoti masiku ano akanakhala ndi foni, ndipo wina akanamulowetsa kale m'gulu lathu lija. Akungowoloka mlatho wa Songwe, mapazi atatupa, kamba atatha dzana, foni ikanalira. Tcheyamani.

"Achimwene, tamva kuti muli mumsewu wa ku Dar. Mukakumana nayo thankiyo mutiimbire. Ndipo muyang'anitsitse, ndi ya petulo kapena ya dizilo?"