Ng'oma yoliritsa yalowa m'buti

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ankachenjeza munthu amene watchuka mofulumira, dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Sankadziwa kuti kudzabwera zidzukulu zimene zidzanyamule mwambiwu, kuuika m'buti mwa Toyota Sienta, kuulumikiza ku batire, n'kumazungulira nawo mu Limbe mawindo ali pululu.

Masiku ano mnyamata akagula galimoto, matayala akutha angadikire, inshulansi ingadikire, koma wufa ayi. Akafika nayo kwa kalipentala amakumana ndi funso limene palibe mphunzitsi anamukonzekeretsa: "Achimwene, bokosili likhale lotseka kapena la bowo?"

Bokosi lotseka ndi mwana womvera. Mpweya wa m'kati mwake ulibe kothawira, ndiye sipika ikalowa m'kati umaikankha, ikatuluka umaikoka. Nzeru imeneyi anaitchukitsa ndi Edgar Villchur wa ku America m'chaka cha 1954. Besi ya bokosili ndi yaudongo: ikagunda yagunda, ikaleka yaleka, moti woimba gitala ya besi mumamumva chala chilichonse. Silidya malo, chifukwa wufa ya mainchi 12 nthawi zambiri imakhutira ndi bokosi la malita pafupifupi 30. Vuto lake ndi manyazi. Kuti lifuule limafuna ampu yamphamvu, ndipo anthu a pasiteji sadziwa kuti mwadutsa. Kwa ena kumeneko n'kutaya ndalama.

Bokosi la bowo ndiye ng'oma ya m'mwambi ija. Albert Thuras wa ku Bell Labs analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1932. Mpweya wa m'paipi ya bowolo umanjenjemera pa mlingo wakewake, umene ambiri amautchera pakati pa 30 ndi 35 Hz, n'kumathandiza sipika kuimba. Chapamenepo phokoso limakwera ndi madesibelo atatu kapena kuposerapo. Atatu akumveka ochepa, koma kuti muwapeze pa bokosi lotseka muyenera kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampu. N'chifukwa chake amapiano akalira m'bokosi lotere nambalapuleti imavina, galasi loonera kumbuyo limaonetsa magalimoto awiri pamene pali imodzi, ndipo agogo a pampando wakumbuyo amayamba kulapa machimo.

Koma akuluakulu aja sananame. Nyimbo ikatsika kupitirira pamene bowo linatcheredwa, mpweya umaleka kugwira sipika. Imangokupiza mwamphamvu popanda mawu enieni, mpaka koyilo imenye pansi kapena m'mphepete mung'ambike. Mankhwala ake alipo: pa ampu zambiri pali kabatani kotchedwa subsonic filter, kamene kamadula mawu otsikitsitsawo asanafike ku sipika. Eni magalimoto ambiri sakagwira n'komwe. Amadziwa batani limodzi lokha, lokwezera, ndipo amalipotokola mpaka pamene lathera. Sipika ikanunkha chopserera amati anawagulitsa yachinyengo.

Palinso nkhani ya bowolo. Si kungotenga chiboolero n'kuboola. Kukula kwa bokosi, kutalika kwa paipi ndi kukula kwa kamwa lake zimawerengedwa kuchokera pa manambala a sipikayo, amene amatchedwa ndi maina a akatswiri awiri, Neville Thiele ndi Richard Small, ndipo opanga wufa zabwino amawalemba pa kapepala ka m'katoni. Kapepalako n'kamene timayamba kutaya. Kenako kalipentala amayeza ndi maso, n'kudula paipi imene inatsala pomanga bafa. Paipi ikachepa kamwa, m'malo mwa besi mumamva kufwenthera. Ikafupika kwambiri, bokosi limangodziwa liwu limodzi, ndipo kwaya ya Amayi a Mvano ndi Black Missionaries zimatuluka chimodzimodzi: duu, duu, duu. Bokosi lotseka limakhululuka mukaphonya pang'ono muyeso, bola matabwa akhale okhuthala ndipo guluu atseke mpata uliwonse. La bowo silidziwa chikhululuko.

Chimene ogulitsa sakonda kunena n'chakuti galimoto payokha imathandiza. Kachipinda kakang'ono kotsekeka kamakweza mawu otsika kwambiri, pamalo omwewo pamene bokosi lotseka limayamba kufooka. Ndiye kwa munthu amene akufuna kumva nyimbo ali pa chiwongolero, lotseka limakwana. Amene akufuna kuti nyimbo yake imvedwe ndi anthu a tsidya lina la msewu, amene sanaipemphe, asankhe la bowo, koma aliwerengere bwino ndipo kabatani kaja akatchere. Mwambi suja unaletsa kuimba ng'oma mokweza; unangokumbutsa kuti chikopa chili ndi malire.

Musanapereke ndalama ya matabwa, tengani tepi muyeze buti. Bokosi la bowo la wufa yomweyo limafuna malo pafupifupi kawiri. Tsiku lochokera kumudzi, amayi akadzatulutsa thumba la chimanga la makilogalamu 50, dengu la mbatata ndi nkhuku yomanga miyendo, mudzayenera kuwafotokozera nokha chifukwa chake mulibe malo. Pamenepo Thiele ndi Small sadzakhalapo kuti akuyankhireni.