Fayilo yako ndi imene yatseguka

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Akanaona makompyuta okalamba a Windows XP amene akutsokomola m'tizipinda tobenera nyimbo pa Kasungu boma, akanawonjezera kuti fayilo ya mu ZIP nayonso ndi yamphepo.

Kwa ife alimi a fodya, ZIP si yachilendo. Ndi belo basi: mafayilo ambirimbiri kuwadinda pa jeke kuti achepe, anyamulike. Adayiyambitsa ndi Phil Katz wa ku America mu 1989, nthawi imene kadisiki ka 1.44 MB kankaoneka ngati chuma. Kungoti belo ku Chinkhoma amangolitsegula, fodya n'kuoneka. ZIP imafuna kuinyengerera.

Mnyamata wa pa kompyuta wadina. Makina abuula, kamzere kobiriwira kayamba kukwawa, mwini fulashi wayamba kale kugwedeza mutu pa nyimbo zimene sanazimve. Kamzere katangotsala pang'ono kufika, pabwera mawu akuti CRC error. Podinda paja, pulogalamu imawerengera nambala ya fayilo iliyonse n'kuisunga. Potsegula imawerengeranso, ndipo zikasiyana imakana, ngakhale mutaichonderera m'dzina la malume ake. Kawirikawiri ndiye kuti fayilo idapunduka panjira: magetsi adathima ikukopedwa, kapena wina adazula fulashi mothamangira minibasi. Mankhwala ake ndi kukabwera nayo ina, kutanthauza bandulo inanso.

RAR, m'bale wake wa ZIP, ya Eugene Roshal wa ku Russia, ili ndi nkhanza zakezake. Mu 2013 kudabwera mtundu watsopano wa RAR5, umene pulogalamu yakale yotsegulira ya WinRAR siidziwa. M'malo movomera ukalamba, imanamizira fayilo kuti yawonongeka. Komabe WinRAR ndimaipatsa ulemu. Imakulolani kuiyesa masiku 40, kenako zaka ndi zaka imangokukumbutsani mofatsa kuti mulipire, osatumiza munthu kudzalanda mbuzi. Wakatapila wotere kuno sanabadwe.

Nthawi zina filimu imabwera m'zidutswa: part1, part2, part4. Chidutswa chachitatu chili pa foni ya msuweni amene wapita kumaliro ku Santhe. Ikapezeka yathunthu, fulashi ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo ali mbwee. Zonsezo zikatheka, makina afunsa pasiwedi, pamene mwini wake ali ku Joni ndipo nambala yake yakhala isakupezeka chiyambire Khrisimasi.

Dzuwa lapendeka, mnyamata uja wayesa pulogalamu ina ya 7-Zip, wapemerera fulashi, waipukuta pa malaya.

"Bwana, mubwere mawa."

"Nanga ndalama yanga ija, achimwene?"

"Nyimbo zanu zilimo zonse, bwana, onani mayina awa. Kungoti sizikutuluka."